Resitihausi ya kumudzi: mlendo ayambe wadziwika, njerwa pambuyo

Aliyense woyenda mumsewu wa M1 kapena wa m'mbali mwa nyanja wa M5 amaziona nyumbazi. Ndi zazitali, za zipinda zondondozana, makoma adafika pa lintala koma denga palibe, udzu udamera m'kati ndipo mbuzi zidapezapo khola. Zina mwa izo zidayamba ngati maloto a resitihausi. Ndalama ya fodya, ya penshoni kapena yotumizidwa ndi mwana wa ku Joni idathera m'makoma, mlendo ngakhale mmodzi asadagonemo.

Koma m'madera omwewo muli nyumba zina zogona alendo, za zipinda zinayi kapena zisanu, zosapatsa chidwi poziona, zomwe zikugula feteleza ndi kulipira fizi chaka ndi chaka. Kusiyana kwa nyumba ziwirizi nthawi zambiri sikukhala pa kukula kwa thumba la mwini wake. Kumakhala pa funso lomwe banja lina lidadzifunsa lisadakumbe maziko, pomwe linzake lidalilumpha: kodi adzagone muno ndani, ndipo adzabwera masiku angati pachaka?

Phunziro la ku Cape Maclear

Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear m'boma la Mangochi ndi umodzi mwa midzi yodziwika kwambiri pa nkhani yolandira alendo mdziko muno, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. M'chaka cha 1949, ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zidayamba kuima pa Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Pamalopo padali hotela yomwe inkadalira anthu okwera ndegezo. Pofika kumapeto kwa 1950 kampaniyo idasiya kuyendetsa ndege zamtunduwu, ndipo sipadapite nthawi hotelayo idatsekedwa. Nyanja idali yomweyo, mchenga udali womwewo, koma mlendo yemwe ankayembekezeredwa adasiya kubwera.

Alendo adachulukanso ku Chembe patapita zaka, boma litakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO litaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ulendo uno ambiri adali achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana ndi ndalama zochepa m'thumba. Iwowa sankafuna hotela. Ankafuna chipinda chotchipa, nsomba yootcha ndi bwato lowafikitsa kuzilumba, ndipo malo ang'onoang'ono a m'mudzi momwemo ndiwo adapindula.

Komabe ngakhale ku Chembe mlendo wa kunja si wodalirika. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, zipata za dziko zidatsekedwa ndipo malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja adakhala mbee kwa miyezi. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ngati zili chomwechi kumalo omwe dziko lonse limawadziwa, nanga kuli bwanji kumudzi komwe mzungu amadutsa kamodzi pachaka, ali m'galimoto?

Mlendo wa kumudzi ndani?

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Malawi idali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Anthu amenewa amayenda, ndipo kukawadera amafuna pogona. Mlendo weniweni wa resitihausi ya kumudzi ndi Mmalawi mnzathu yemwe wabwera pa ntchito, pa malonda kapena pa zovuta.

Pali ogulitsa kaunjika omwe amafika madzulo kuti m'mawa wa tsiku la msika apeze malo abwino. Pali mavenda ogula soya ndi mtedza ku Mitundu, Nsundwe kapena Mkanda, ogula mbatata ya kachewere ku Tsangano, ndiwo zamasamba ku Lizulu, matimati ndi anyezi ku Jenda, komanso opikula nsomba m'madooko a kunyanja. Pali alimi ndi madalaivala odikira kutsitsa mabelo a fodya pafupi ndi okushoni ya Chinkhoma ku Kasungu. Pali aphunzitsi otumizidwa kukayang'anira mayeso a MANEB kusukulu zakutali ndi kwawo, alangizi a zaulimi, a zaumoyo obwera ndi katemera, ogwira ntchito m'mabungwe, amisiri omanga milatho ndi sukulu, achibale a odwala pafupi ndi zipatala za mishoni, ndiponso obwera ku maliro, ku ukwati kapena ku msonkhano wa mpingo omwe sangakwane onse pakhomo.

Mudzi ulionse uli ndi alendo akeake, ndipo mudzi wina ulibiretu. Njira yodziwira si kulota ayi, koma kuwerenga. Banja lomwe lili ndi maganizo omanga lingathe kupatsa mwana mmodzi kope ndi cholembera kuti kwa miyezi ingapo azilemba alendo omwe afunsa pogona. Anyamata a kabaza amadziwa aliyense wotsika minibasi usiku. A hedimasitala amadziwa komwe oyang'anira mayeso adagona chaka chatha. Mlonda wa kumsika amadziwa kuchuluka kwa amalonda omwe amagona pakhonde la sitolo atafunda lona.

Kuwerengaku kuchitike nyengo ziwiri. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, pomwe anthu akugulitsa mbewu ndi fodya, pamsika pamakhala piringupiringu ndipo munthu angaganize kuti zipinda 20 zingachepe. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama imasowa, misewu ya fumbi imasanduka matope, ndipo mavenda sabwera. Woyang'ana nyengo yokolola yokha amamanga nyumba yomwe theka la chaka imakhala ya makoswe.

Chimodzimodzi ndi miyambo ya pachaka. Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko pa Nkolimbo ku Ntcheu, Umthetho pa Hora ku Mzimba ndi Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje zimasonkhanitsa chinamtindi cha anthu, ndipo zipinda zonse za m'deralo zimadzaza. Koma chisangalalocho ndi cha masiku ochepa chabe, pomwe chaka chili ndi masiku 365.

Masamu ake

Mwachitsanzo, nyumba ya zipinda zinayi ingathe kugoneka alendo ka 120 pamwezi wa masiku 30. Chipinda chitakhala K10 000 pausiku, munthu wa phuma amawerengetsera K1.2 miliyoni pamwezi n'kuyamba kale kufunsa mtengo wa galimoto. Koma ngati zipinda zimadzaza usiku wolowera tsiku la msika wokha, n'kuonjezapo alendo apo ndi apo masiku enawo, mwina zingagonedwe ka 40 pamwezi. Apo ndalama yake ndi K400 000, ndipo pa yomweyo pachoke malipiro a mlonda ndi wochapa, sopo, mankhwala a m'madzi, nkhuni zotenthetsera madzi osamba, chiphaso cha kukhonsolo, msonkho ndi kukonza loko yemwe mlendo wathyola.

Mfundo yomwe ambiri amaiphonya ndi iyi: atamanga zipinda khumi m'mudzi womwewo, alendo adzakhalabe omwewo. Zipinda sizibereka alendo. Zisanu ndi chimodzi zoonjezerazo zimangodya malata, zitseko ndi matiresi popanda kubweza kanthu. Nzeru ndi kuyamba ndi zipinda zitatu kapena zinayi, kuzimaliza zonse mpaka mlendo agone, n'kusiya malo kumapeto kwa mzere. Tsiku lomwe kope lidzaonetse kuti alendo akubwezedwa sabata ndi sabata, chipinda chachisanu chidzadzimanga chokha ndi ndalama ya zinayi zija. Paja akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nkhani ya ngongole nayo imafuna kudekha. Ngongole ya banki mkhonde imabwezedwa pamiyezi yochepa ndipo chiongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, pomwe khoma silibweza ndalama mpaka nyumba itafoleredwa. Ngongole yotere ingathandize kugula matiresi ndi mabulangete nyumba itatha, osati kukumbira maziko. Ya katapila ndiye njira yachidule yoperekera nyumba kwa wobwereketsa.

Mitengo ya zipangizo nayo siima malo amodzi. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri mitengo ya simenti, malata ndi misomali idakwera. Ambiri omwe adali pakati pa ntchito adaima pomwepo. N'chifukwa chake amisiri odziwa amalangiza kugula malata, zitseko ndi mafelemu msanga ndalama ikapezeka, poti izi sizionongeka zikasungidwa pouma. Matumba a simenti ndiye ayi. Akakhala miyezi yambiri, makamaka nyengo ya mvula, amauma n'kusanduka miyala, choncho agulidwe ntchito ikayandikira.

Malo ndi mapepala

Milandu yambiri ya nyumba zotere imayambira pa nthaka. Kumadera a chikamwini, bambo angathe kuthira penshoni yake yonse pamalo a kwa mkazi wake, koma banja likatha kapena mayi akamwalira, eni mbumba n'kumuuza kuti anyamule chikwama. Kumadera a malowolo, yemwe amakhala pachiopsezo ndi mayi wamasiye. Pomwe pali nyumba yogona banja pokha mkangano umakhala wochepa, koma pakangoyamba kulowa ndalama tsiku ndi tsiku, achibale omwe sadanyamulepo njerwa amakumbukira kuti malowo adali a agogo awo.

Lamulo la malo a makolo la Customary Land Act la mu 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidakhazikitsa makomiti a zamalo m'dera la gulupu aliyense ndipo limapereka mwayi woti munthu kapena banja lilembetse malo ake n'kulandira chikalata. Ofesi ya zamalo kwa DC ndiyo ingafotokoze pomwe ntchitoyi yafika m'dera lililonse. Chofunika n'choti nkhani ya malo ithe simenti isadagulidwe: abale akhale pansi, amfumu ndi mboni akhalepo, malire aikidwe zizindikiro ndipo zomwe agwirizana zilembedwe. Mwini nyumba alembenso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma wilo yolembedwa bwino imatseka pakamwa mkangano usadayambe.

Malo a m'mphepete mwa msewu amakopa chifukwa mlendo amaona chikwangwani akangotsika basi. Koma msewu uli ndi malire ake. M'misewu ikuluikulu ngati M1, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali zonse ziwiri, ndi malo a msewu, ndipo nyumba yomangidwa m'menemo ingathe kugwetsedwa tsiku lomwe boma lafuna kuukuza. Dambo, khwawa louma ndi m'munsi mwa phiri lodulidwa mitengo ndi malo enanso oyenera kuwathawa, ngakhale atatchipa chotani. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa poyera ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe zomwe madzi ndi matope ochokera m'phiri amachita, pomwe anthu oposa 1 000 adafa kapena kusowa.

Resitihausi ndi bizinesi, ndipo bizinesi ili ndi mapepala ake. Lamulo la mapulani la mu 2016 lidaika dziko lonse, kuphatikizapo midzi, pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, choncho pulani ionetsedwe kukhonsolo ntchito isadayambe. Dzina la bizinesi lilembetsedwe, nambala ya msonkho itengedwe ku MRA, chiphaso cha malonda chidulidwe kukhonsolo, ndipo malo ogona alendo amayeneranso kuvomerezedwa ndi a boma oona zokopa alendo. Mapepalawa amaoneka ngati chintchito, koma ali ndi phindu looneka. Wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe amafuna lisiti yokaonetsa kuofesi, ndipo amalambalala malo opanda lisiti ngakhale atakhala aukhondo.

Kumanga motchipa koma molimba

Kamangidwe kotchipa kwambiri ndi ka mzere umodzi, zipinda zogawana makoma, khomo lililonse loyang'ana kukhonde limodzi. Masamu ake ndi osavuta. Zipinda zinayi za mamita atatu mbali zonse zikamangidwa pachokhapachokha zimafuna makoma otalika mamita 48, koma zikalumikizidwa zimafuna mamita 39 okha. Khoma likatalika mamita 2.7 kupita m'mwamba, mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amafunika pafupifupi 1 300, ndipo nambalayi imatsika akachotsera malo a zitseko ndi mazenera. Banja lodziwa masamu amenewa silinamizidwa ndi mmisiri.

Kumudzi anthu adazolowera kuumba njerwa ndi kuotcha uvuni, koma pa nyumba ya bizinesi pali lamulo. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo. M'malo mwake muli mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zomwe amazipana pamakina a manja n'kuziumitsa pamthunzi osaotcha. Njerwa zopanazi zimatuluka zofanana bwino, choncho sizidya matope ambiri pomanga ndipo khoma lake lingathe kukhala losapaka pulasitala m'kati mwa khonde.

Pali malo omwe munthu angapulumutsepo ndalama. Matailosi angadikire, pansi pa simenti yosalala bwino pamakwanira. Laimu amayeretsa chipinda pamtengo wotsika kuposa penti. Siling'i ya mphasa kapena nsungwi zolukidwa bwino imachepetsa kutentha kwa malata ndipo imapangidwa m'mudzi momwemo. Mabedi angakhomedwe ndi kalipentala wa pamsika.

Koma pali malo anayi omwe kuumira kumabweretsa misozi. Oyamba ndi maziko: afike panthaka yolimba, pansi pa nyumba pakwere kuposa bwalo, ndipo pepala la pulasitiki liyalidwe kuti chinyontho chisakwere m'makoma. Achiwiri ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, yemwe amisiri amati ring'i bimu. Malawi ili m'chigwa chomwe mumachitika zivomezi, monga zidaonekera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo lambayu ndiye amagwira makoma kuti asatayane. Achitatu ndi denga: mitengo yake ipakidwe mankhwala a chiswe, imangiriridwe ku lambayo ndi waya wolimba kuti mphepo isasasule, ndipo malata atuluke kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Achinayi ndi chitseko ndi loko, chifukwa wamalonda wogona ndi ndalama ya mpamba m'thumba amayamba wayesa chitseko asadayang'ane bedi.

Konkire ndi pulasitala zimafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri kuti zilimbe, ndipo ntchito imeneyi ana a pakhomo angaigwire. Mmisiri naye alipidwe ndi gawo la ntchito lomwe wamaliza: maziko, makoma, denga, pulasitala. Womulipira zonse poyamba amadzamusaka ndi njinga.

Chimbudzi, madzi ndi kuwala

Mlendo amaiwala mtundu wa penti, koma saiwala chimbudzi. Ambiri amalakalaka zipinda za bafa ndi chimbudzi chogejemula m'kati momwemo poti ndi zomwe adaona m'tauni. Izi zimafuna mapaipi, thanki ya pamwamba, dzenje la zonyansa lomangidwa ndi simenti komanso madzi osaduka. Komwe madzi amabwera ndi ndowa kuchokera kumjigo, chimbudzi chogejemula chimasanduka gwero la fungo m'chipinda momwe mlendo wagona.

Chimbudzi chokumba chomangidwa bwino chimaposa pamenepo. Chikhale ndi silabu ya simenti yosavuta kukolopa, paipi yotulutsa mpweya yokhala ndi sefa pamwamba kuti ntchentche zisatuluke, chitseko chotsekeka ndi nyali usiku. Cha amayi chikhale pachokha, cha abambo pachokha. Dzenje litalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo likhale kumunsi kwake. Pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo. Kolera yomwe idabuka mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1 700 mdziko muno, ndipo malo omwe anthu ochokera kosiyanasiyana amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi ndowa imodzi ndi omwe matenda otere amafalikira msanga. Madzi akumwa athiridwe klorini ndi kusungidwa mu ndowa ya mpopi. Alangizi a zaumoyo a m'deralo angathandize kusankha malo a chimbudzi dzenje lisadakumbidwe.

Mjigo wa m'mudzi ndi wa anthu onse, ndipo nyumba yochapa mashiti tsiku ndi tsiku imatunga madzi ambiri kuposa khomo wamba. Ndi bwino kukambirana ndi komiti ya mjigo poyambirira n'kuvomera kusonkha ndalama yokwererapo, kusiyana n'kudikira kuti amayi a pamzere ayambe kung'ung'udza. Nyengo ya dzinja denga lenilenilo ndi chitsime. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa padenga la masikweya mita 60 imapereka malita 600, omwe ndi migolo itatu ya malita 200. Chofunika ndi ngalande ya lata m'mphepete mwa denga ndi migolo yovundikira kuti udzudzu usaswane.

Komwe mawaya a ESCOM sadafike, sola yaing'ono imakwanira poyambira. Mababu asanu ndi atatu a mawati asanu lililonse, oyaka maola asanu usiku, angayendetsedwe ndi panelo imodzi ya mawati 100 ndi batire yabwino, n'kutsalako mphamvu yotchajira mafoni. Malo otchajira foni m'chipinda chilichonse ndi ofunika ngati bulangete, poti foni ndiyo ofesi ndi banki ya wamalonda. Kandulo m'chipinda cha neti ndi matiresi ndi ngozi ya moto. Ndipo mwini nyumba akhale ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti mlendo athe kusungitsa chipinda ali m'njira komanso kuti pakhomo pasamagone ndalama zambiri.

M'chipinda zofunika ndi zochepa: bedi lolimba, matiresi okutidwa ndi pulasitiki kapena leza, mashiti awiriawiri osinthanitsa, bulangete, neti yosabooka, mpando ndi msomali wopachikapo zovala. Mdani wamkulu ndi nsikidzi. Zimabwera m'zikwama za alendo n'kubisala m'ming'alu ya bedi ndi ya khoma, ndipo mbiri yake imayenda pa minibasi kuposa chikwangwani chilichonse. Matiresi aziyanikidwa padzuwa, ming'alu izimatidwa, ndipo chipinda chikagwidwa chitsekedwe mpaka chipoperedwe. Kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, ndowa ya madzi otentha m'mawa wa mu Juni ndi Julayi ndiyo imabweza mlendo ulendo wina, ndipo mbaula ya dothi ya Chitetezo imawatenthetsa ndi nkhuni zochepa.

Mbiri ya nyumba m'mudzi

Pali nkhani ina yomwe mabanja amaikamba monong'ona. Kwa anthu ambiri, mawu oti resitihausi amamveka ngati malo obisalirako amuna ndi akazi a eni, ndipo mayi wa mvano kapena bambo wa udindo kumpingo amaopa kuti anthu adzati wamanga nyumba yothetsa mabanja. Mantha amenewa ali ndi maziko, poti ndalama ya zija amati shoti taimu imabwera msanga kuposa ya mlendo wogona mpaka m'mawa. Koma nyumba ikangodziwika ndi zimenezo, mphunzitsi wamkazi wobwera ku mayeso, namwino ndi abusa a ku msonkhano sapondamo, ndipo amenewa ndiwo alendo olipira bwino, osaswa zinthu komanso otumiza anzawo.

Mwini nyumba asankhe poyambirira mtundu wa alendo omwe akufuna, poti mitundu iwiriyi siigona denga limodzi. Mlendo aliyense alembedwe m'kaundula ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, chomwe Amalawi adayamba kulandira mu 2017. Kaundulayu amateteza mwini nyumba tsiku lomwe apolisi adzabwere kudzafunsa za katundu wobedwa kapena mlendo yemwe wadwala usiku. Bala likhale kutali, chifukwa phokoso la zoimbira ndi tulo sizigwirizana.

Pa nkhani ya ana palibe kunyengerera. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kuchokera mu 2015 pali lamulo lapadera lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Bambo wobwera ndi mtsikana wa sukulu abwezedwe pageti ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi kapena kwa a zoteteza ana. Mlonda ndi wolandira alendo auzidwe zimenezi tsiku loyamba, chifukwa ndalama ya chipinda chimodzi singalipire moyo wa mwana woonongeka, ngakhale mlandu womwe ungagwere mwini nyumba.

Mudzi ukaona phindu, umaiteteza nyumbayo. Resitihausi ya zipinda zinayi sifunika kukhala ndi lesitilanti yakeyake. Mayi wa pafupi yemwe amaphika bwino angathe kumaphikira alendo nsima ndi tiyi. Mazira, nkhuku ndi masamba zigulidwe kwa anansi. Mlonda, wochapa ndi mnyamata wa kabaza wonyamula alendo kusiteji akhale a m'mudzi momwemo, ndipo alipidwe pa nthawi yake. Pakagwa maliro pamudzi, chipinda chimodzi choperekedwa ulere kwa obwera kutali sichiiwalika. Anthu omwe amadya nawo za nyumbayo ndiwo amaloza mlendo njira, ndiwonso amakuwa akaona wakuba akudumpha mpanda.

M'banja mwenimwenimo, ndalama ya nyumba isasakanikirane ndi ya ndiwo. Pakhale buku lolembamo zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, ndipo gawo lina lizisungidwa padera kudikira Januwale ndi Febuluwale komanso kukonza zoonongeka. Nkhani ya achibale ikambidwe poyera, poti amalume obwera kudzacheza sabata ziwiri nyengo ya msika angathe kudya phindu la mwezi wonse atagona m'chipinda cha alendo. Wachibale agone kunyumba, chipinda chisiyidwire wolipira.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Womanga nyumba ya alendo amadalira mame amenewa, choncho ayenera kudziwa mwezi womwe amagwa ndi kuchuluka kwake asadatchere chidebe. Banja lomwe chaka chino lagulitsa bwino soya kapena fodya ndipo likuganiza za resitihausi silitaya kanthu likasunga ndalamayo, kapena kugula malata okha, n'kutha nyengo imodzi likulemba m'kope alendo osowa pogona. Kope likadzaza, zipinda zinayi, chimbudzi chaukhondo ndi chikalata cha malo n'zokwanira kuyambira. Likakhala lopanda kanthu, banjalo lapulumutsa chuma chake pamtengo wa kope limodzi ndi cholembera.